Thandizo la Boma ndi Ufulu wa Mpingo: Phunziro la ku Boksburg

Abale athu amene anapita ku Joni pa Wenela kukagwira ntchito m'migodi ya golide, monga wa ERPM ku Boksburg, anapeza sukulu zambiri za anthu akuda zili m'manja mwa mamishoni, koma aphunzitsi ake akulipidwa ndi ndalama za Boma. M'chaka cha 1953 Boma la tsankho linakhazikitsa lamulo la Bantu Education, ndipo linauza mipingo kuti ipereke sukuluzo, apo ayi thandizo lija lidzatha. Mipingo yambiri inagonja popeza inalibe thumba lakelake. Bishopu Ambrose Reeves wa Anglikani ku Johannesburg, amene dayosizi yake inaphatikizapo Boksburg, anasankha kutseka sukulu zake. Akatolika anasonkha ndalama pakati pa akhristu awo, nasunga sukulu zawo.

Ndalama za kunja nazonso sizinali pothawira. Mu 1975 Boma linaletsa bungwe la Christian Institute, lotsogozedwa ndi Beyers Naudé, kulandira thandizo lochokera kunja, ndipo mu 1977 linalithetseratu.

Abusa ndi nthumwi za Sinodi, akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mpingo woyimirira pa chopereka cha akhristu ake ndiwo ungathe kukana pamene olamulira afuna kuumanga chingwe.