Mfutso wa ku Mbare Musika ndi nzeru za amatchona

Mudzi wa Mbare unakhazikitsidwa m'chaka cha 1907, pamene boma la atsamunda linapatula malo kum'mwera kwa Salisbury kuti kuzikhala anthu akuda ogwira ntchito m'tauni. Nthawi imeneyo unkatchedwa Harari, ndipo dzina la Mbare linatchuka pamene likulu lenilenilo linatenga dzina la Harare m'chaka cha 1982. Mwa anthu amene anadzaza mudziwu munali ambiri ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kummawa kwa Northern Rhodesia. Ena anafika pansi, ena pa magalimoto a Ulere, enanso kudzera ku Mthandizi. Eni nthaka ankawatcha Mabhurandaya, kunena anthu a ku Blantyre.

Mshona wogwira ntchito m'tauni anali ndi kwawo kufupi, kumene ankalandirako chimanga ndi nyemba nthawi yokolola. Mtchona analibe munda. Lamulo logawa malo la 1930 linatsekera anthu akuda nthaka yabwino, ndipo mlendo analibe ngakhale mfumu yom'patsa kachigawo. Motero mabanja a amatchona anayang'ana kumadambo a m'mphepete mwa mtsinje wa Mukuvisi ndi malo ena opanda nyumba, nayamba kulimamo chimanga, maungu ndi mbatata monga amachitira m'madimba a kwawo. Akuluakulu a mzinda kawirikawiri ankatchetcha mbewuzo, ndipo mpaka lero lamulo la Zimbabwe limaletsa kulima pasanathe mamita 30 kuchokera pagombe la mtsinje.

Chimene amayi a mabanjawa anabwera nacho n'kudziwa nyengo. Ankadziwa kuti bonongwe, luni ndi therere zimamera zokha mvula ikagwa, kuti nkhwani ndi chitambe zimafutsidwa dzuwa likadalipo, ndi kuti ndiwo za m'chilimwe zimakonzedwa m'dzinja. Pamsika wa Mbare Musika anapeza anzawo a Chishona akudziwa zomwezo m'mayina ena: luni ndi nyevhe, nkhwani ndi muboora, mfutso ndi mufushwa, masuku ndi mazhanje. Msikawu, umene umalandira tomato ndi masamba kuchokera ku Mutoko, Murehwa ndi Domboshava, unakhala bwalo lokumanirapo nzeru za mitundu iwiri.

Komabe m'zaka za chitaganya, 1953 mpaka 1963, mbale ya m'tauni inasintha. Chimanga chamakono cha SR52 chinatulutsidwa m'chaka cha 1960, ufa wa kuchigayo unachuluka m'masitolo, ndipo mapira, mawere ndi mchewere zinayamba kuonedwa ngati chakudya cha osauka. Kabichi ndi repu zinalanda malo a luni. Ngakhale matemba anasintha kochokera, pakuti kapenta wa ku Tanganyika anaikidwa m'nyanja ya Kariba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Chilala cha 1992 chinakumbutsa anthu zimene anataya. Chimanga chinapserera m'minda, mabanja nadya nsima ya ufa wachikasu wochokera kunja, pamene mapira ndi mchewere, zimene zimapirira ng'amba, n'zimene zinapulumutsa madera ena ouma. M'chaka cha 2005 ntchito ya Murambatsvina inagwetsa timisika ndi timanyumba tambiri ku Mbare, ndipo lipoti la bungwe la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 m'dziko lonse anataya pokhala kapena chowapezera ndalama. Kenaka kolera ya 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000. Apa nkhawa ya mayi wogula ndiwo inasamukira kumadzi. Mukuvisi amanyamula zonyansa za m'mafakitale ndi za m'zimbudzi, ndipo madzi ake amakathera m'nyanja ya Chivero, momwe mzinda umatungamo akumwa. Kufunsa kumene masamba alimidwa ndi madzi amene athiriridwa kunakhala mbali ya malonda.

Chilala cha 2024, chimene chinachititsa Zambia, Malawi ndi Zimbabwe kulengeza ngozi chimodzi pambuyo pa chinzake, chinabwezanso maso kumbewu zakale. M'mwezi wa Okutobala chaka chomwecho moto unapsereza gawo lalikulu la msikawu, koma malonda sanafe.

Kusankha chakudya chosamala chilengedwe ku Mbare sikunayambe ndi misonkhano ya mabungwe. Kunayamba ndi banja lopanda nkhokwe limene linawerengera miyezi ya mvula, nkhuni zophikira ndi ukhondo wa madzi lisanagule ndiwo. Mfutso sufuna magetsi kuti usungike, ndipo luni safuna feteleza kuti amere. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, ndipo zidzukulu za amatchona zimene lero zikugula mufushwa pa Mbare Musika zikudya chimene agogo awo ankakulunga m'chikwatu ku Dedza, ku Katete ndi ku Angonia.