Mitengo 7000 ya ku Kassel

Kuyambira kale amisiri a ku Ulaya anali kukonda kujambula maonekedwe a dziko, ndiwo mapiri, madambo, mitsinje ndi ng'ombe zili kubusa. Ndipo zithunzi zotere zinali kupachikidwa m'nyumba za anthu achuma kuti zikondweretse maso. Ngakhale pamene mafakitale anayamba kudetsa dziko, wojambula sanafulumire kudandaula. M'chaka cha 1801 Philip James de Loutherbourg anajambula ng'anjo za chitsulo za ku Coalbrookdale, m'dziko la England, malawi ake akufiiritsa thambo usiku. Koma munthu poona chithunzicho achita kaso ndi moto uja, osakumbuka chigwa chimene chinali kufa ndi utsi.

Itapita nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, makamaka kuyambira zaka za m'ma 1960, amisiri ena anaona kuti kujambula dziko pansalu sikukwanira. Anatuluka m'nyumba zao nayamba kugwira ntchito ndi dothi lenileni, miyala ndi mbeu. Mwachitsanzo, m'chaka cha 1982 Agnes Denes anafesa tirigu maekala awiri padzala la ku Manhattan, pafupi ndi nyumba zazikulu za malonda a ndalama, nakolola. Koma ntchito imene tifuna kuilondola pano ndiyo ya Joseph Beuys, imene inayamba chaka chomwecho mumzinda wa Kassel, ku Germany.

Tiyambe tadziwa mzindawo. Usiku wa pa 22 October 1943 ndege za nkhondo zinaponya mabomba pa Kassel, ndipo pakati pa mzinda panasanduka phulusa. Pomanganso, akulu a mzinda anasamala kwambiri za miseu yotakata ya magalimoto, kotero kuti malo ambiri anatsala opanda mthunzi. Pofika 1980 anthu a ku West Germany anagwidwanso ndi mantha ena, pakuti nkhalango zao zinali kufota chifukwa cha mvula yosakanizika ndi utsi wa m'mafakitale.

Beuys anabadwa mu 1921, ndipo anali mphunzitsi wa zosemasema ku Düsseldorf kufikira 1972, pamene anamchotsa ntchito chifukwa cholandira ophunzira amene sukulu inawakana. Chiphunzitso chake chinali chakuti munthu aliyense ali ndi luso, ndi kuti mudzi wa anthu ungathe kuumbidwa monga mbiya. Tsono ataitanidwa ku chionetsero chachikulu cha documenta, chimene chichitika ku Kassel zaka zisanu zilizonse, iye sanabwere ndi chithunzi. Anatutitsa miyala yaitali 7000 ya basalt, mwala wakuda wochokera m'chiphalaphala cha mapiri a moto, naiunjika pabwalo la Friedrichsplatz, pamaso penipeni pa mzinda. Lamulo lake linali limodzi: mwala suchoka pamuluwo koma pokhapo mtengo utabzalidwa kwina mumzindamo, ndipo mwalawo uzikaimikidwa pambali pa mtengo wake. Ntchitoyi anaitcha 7000 Eichen, ndiko kunena mitengo ya thundu 7000, ngakhale mitundu inanso ya mitengo inabzalidwa pamodzi.

Nzeru yake yagona pamenepa. Nkhalango ikamatha, imatha mwakachetechete, ndipo munthu wa mumzinda saona chimene wataya. Mulu uja unaonetsa kusowako poyera ngati ngongole yolembedwa pakhomo. Yense wodutsa pabwalopo anatha kuyesa ndi maso ake kuchuluka kwa mitengo imene inali isanabzalidwe. Ambiri anakwiya, ena nati bwalo lao laipa, ena nadandaula malo oimikapo magalimoto. Koma njira yochotsera muluwo inali imodzi yokha, ndiyo kubzala.

Mtengo woyamba anaubzala yekha Beuys pa 16 March 1982. Ndalama zinali zovuta, pakuti mtengo umodzi pamodzi ndi mwala wake unafuna 500 Deutsche Mark. Bungwe la Dia Art Foundation la ku New York linathandiza poyamba, anthu wamba nawonso anasonkha, ndipo mwini wake anafika povomera kuonekera pa chilengezo cha malonda a kachasu wa ku Japan kuti apeze zolipirira. Sanaone mapeto a ntchito yake, chifukwa anamwalira mu January 1986 mulu usanathe. Mwana wake Wenzel ndiye anabzala mtengo wotsiriza mu June 1987, pafupi ndi woyamba uja.

Nanga mwala pambali pa mtengo utanthauzanji? Tsiku lobzala, mwala uoneka wamphamvu ndipo kamtengo kaoneka kofooka. Popita zaka mwala ukhala chomwecho, osakula ngakhale pang'ono, koma mtengo utalika nuuphimba ndi mthunzi. Chotero mwalawo uli ngati muyeso woyesera nthawi, ndiponso mboni yakuti mtengo uwu sunamere wokha, koma anthu anapangana za iwo. Wofuna kuudula ayenera kuyamba wayang'anana ndi mboniyo.

Sitinena kuti mitengo 7000 inachiza nkhalango za ku Germany, iai. Utsi unachepa chifukwa cha malamulo okhwima amene anaikidwa pa mafakitale ndi magalimoto. Komabe mbiri ya luso inapotoka pamenepo. De Loutherbourg anajambula dziko likupsa, napachika chithunzi pakhoma. Beuys anapatsa mzinda wonse khasu, nasiya ntchito imene sitha, pakuti mtengo ukafa pafunika wina wolowa m'malo mwake. Ife amene tikonzekera kukaphunzitsa ana kujambula, tikumbukire kuti mwana wojambula phiri ayenera kufunsidwanso kumene kunapita mitengo yake, ndi amene adzaibwezere.