Dzuwa la mu labotale ndi dzuwa la ku Chintheche

Patchuthi chapitachi ndinapeza amalume ku Chintheche atakwiya ndi sola yawo. Iwo ndi siginala, munthu amene amatsogola ndi bwato la nyali usiku kukopa usipa kuti ulowe mu chilimila. Kale ankayatsa nyali za parafini, koma masiku ano ndi mababu a batire, ndipo batire ikapanda kudzaza masana ndiye kuti usikuwo wapita pachabe. Kumbuyo kwa solayo kunalembedwa 100 W, ndipo pansi pake panali timalemba ting'onoting'ono: 1000 W/m², 25°C, AM1.5. Amalume ankati wogulitsa anawabera. Ine ndimaphunzira mbiri yakale, sayansi ndinaisiya ku sekondale, komabe ndinafuna kudziwa kumene manambalawo anachokera.

Sola ya silikoni imene tikuidziwayi inabadwa mu 1954 ku Bell Labs ku America, m'manja mwa Daryl Chapin, Calvin Fuller ndi Gerald Pearson. Inkasandutsa magetsi magawo 6 okha pa 100 a mphamvu ya dzuwa. Chimene chinandisangalatsa n'choti Chapin ankafufuza njira yoperekera mphamvu ku matelefoni a kumadera akutali, otentha ndi achinyezi, kumene mabatire ankaonongeka msanga. Mwina akanafika kunyanja kuno mu Novembala akanati wapeza malo enieni. Koma sola inali yodula kwambiri, moti amene anayamba kuigula ndi oponya masetilaiti, kuyambira ndi Vanguard 1 mu 1958.

Apa ndi pamene panabuka vuto la kayezedwe. Dzuwa silikhala chimodzimodzi: la m'mawa ndi la masana n'zosiyana, la Juni ndi la Okutobala n'zosiyananso. Anthu awiri akayeza sola imodzi pa masiku osiyana, aliyense apeza zake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, a Jet Propulsion Laboratory ankakweza timasola pa zibaluni kufika m'mwamba kwambiri, kenako n'kumatigwiritsa ntchito ngati muyezo pochuna nyali za mu labotale. Mafuta atakwera mtengo mu 1973, maso anatembenukira ku sola za pansi pano, ndipo akatswiri anagwirizana za dzuwa limodzi lopanga, loti aliyense aziyezera.

Dzuwa limenelo ndi nyali, kawirikawiri ya xenon, imene imathwanima pa sola kwa kamphindi. Kuwala kwake ndi mawati 1000 pa sikweya mita, sola ili pa madigiri 25. AM1.5 akutanthauza kuwala kumene kwadutsa mpweya wochindikala kamodzi ndi theka kuposa pamene dzuwa lili paliwombo, kukugwera pa sola yopendekeka madigiri 37. Nambala 37 sinagwe kumwamba: anaisankha poona pamene dziko la United States lili.

Chintheche ili pafupifupi madigiri 12 kummwera kwa equator. Kuno dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka, chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale. Kuwala si vuto. Vuto ndi kutentha. Sola yoikidwa pa malata masana imatha kufika madigiri 60, ndipo ya silikoni imataya pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse yoposa 25. Chitani masamu: 100 yasanduka 86, tisanawerengere fumbi, mawaya oonda ndi mitambo, poti boma la Nkhata Bay limalandira mvula yambiri. Choncho ngakhale sola yeniyeni sipereka zimene zalembedwa, ndipo palibe wanama.

Ndinayamba kulemba nkhaniyi ndikufuna kudzudzula muyezo wachilendowo. Ndasintha maganizo. Muyezowo, ngakhale unapangidwira kwina, ndi wokhawo umene ungagwire wabodza, chifukwa kapepala komata aliyense atha kusindikiza. Sola ya amalume titaigundaniza ndi ya anzawo, yolembedwanso 100 W, yawoyo inali yaing'ono moonekeratu. Kutentha sikufupikitsa galasi.

Mabungwe alipo. Malawi Bureau of Standards inakhazikitsidwa mu 1972, MERA imapereka ziphaso kwa ochita malonda a mphamvu, ndipo ku Mzuzu University kuli malo ophunzitsira ndi kuyezera zipangizo za mphamvu zongowonjezereka. Kampani yomanga malo a sola a mamegawati 60 ku Salima, amene anatsegulidwa mu 2021, ili ndi mainjiniya ndi maloya oti afunse mapepala a mayeso. Msodzi wa ku Chintheche amagula pa khonde la sitolo, lisiti palibe, ndipo muyezo wake ndi babu: likazima pakati pa nyanja usiku, ndiye wadziwa.

Nditawafotokozera zonsezi, amalume anangofunsa ngati nyali ya xenon ija ingakope usipa. Kenako anakwera pa denga n'kuika matabwa awiri pansi pa solayo kuti mphepo izidutsa, ndipo anayamba kusunga ndalama zogulira ina.