Kuweta amphaka ambiri n'kosiyana ndi kuunjika ziweto

GURUVE, Zimbabwe – M'mafamu a m'boma la Guruve, m'chigawo cha Mashonaland Central, momwe muli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, amphaka amawetedwa kuti aziteteza chimanga ku makoswe. Kukhala nawo ambiri si mlandu ndiponso si matenda.

Kusiyana kwake sikuli pa chiwerengero chokha. Gulu la akatswiri la Hoarding of Animals Research Consortium, lomwe linakhazikitsidwa mu 1997 ku Massachusetts m'dziko la America, linafotokoza kuti woujika ziweto amalephera kuzipatsa chakudya, malo aukhondo ndi mankhwala, koma amakana kuti pali vuto ngakhale zikuwonda ndi kufa. Woweta bwino amadziwa malire ake ndipo amalola thandizo. Mu 2013, buku la madokotala la DSM-5 linaika kuunjika zinthu m'gulu la matenda a maganizo.

Vutoli limakula msanga chifukwa mphaka amatha kutenga bere asanakwanitse miyezi 6, amaswa pakatha masiku pafupifupi 65, ndipo amatero kawiri kapena katatu pachaka. Amphaka akathithikana, utitiri ndi zipere zimafika kwa anthu, ndipo mpweya wa mkodzo umavulaza mapapo.

Ku Zimbabwe, lamulo la Prevention of Cruelty to Animals Act limaletsa kuzunza ziweto, ndipo bungwe la ZNSPCA limafufuza milandu yotere. Komabe kulanda ziwetozo kokha sikuthetsa vutoli, popeza mwini wake akapanda kulandira uphungu amayambanso kusonkhanitsa zina. Chitetezo chodalirika ndicho kufula amphaka, kuwatseketsa kubereka ndi kuwabayitsa katemera wa chiwewe.