Gulu la ojambula la Brandywine

Brandywine ndi dzina la gulu la ojambula zithunzi za m'mabuku ndi m'magazini omwe anatchuka ku United States kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ambiri mwa iwo anasulidwa ndi Howard Pyle, yemwe anabadwira ku Wilmington, Delaware, mu 1853.

Pyle anatchuka ndi buku la nthano za Robin Hood la mu 1883, lomwe analemba ndi kujambula yekha. Mu 1894 anayamba kuphunzitsa ku Drexel Institute mumzinda wa Philadelphia, ndipo nyengo yotentha ankatengako ophunzira ena kupita nawo ku Chadds Ford, kamudzi ka m'mphepete mwa mtsinje wa Brandywine ku Pennsylvania. Mu 1900 anasiya ntchito n'kutsegula sukulu yakeyake ku Wilmington. Sankalipiritsa fizi, koma wolowa ankachita kumusankha yekha. Mmodzi mwa osankhidwawo anali N. C. Wyeth, yemwe anafika mu 1902. Pomatha chaka, chithunzi chake cha munthu ali pakavalo wolusa chinali chitatuluka kale pachikuto cha The Saturday Evening Post. Pyle anamwalira ku Florence, Italy, mu 1911, chaka chomwenso Wyeth anajambula zithunzi za buku la Treasure Island. Wyeth anafa mu 1945 sitima itaomba galimoto yake ku Chadds Ford.

Zithunzi zambiri za gululi zinkajambulidwa zazikulu ndi penti yamafuta, kenako osindikiza n'kuzichepetsa kuti zikwane patsamba. Pyle ankalimbikira mfundo yakuti wojambula azidziona ngati ali m'kati mwa nkhaniyo. Onani chithunzi cha Wyeth cha Pew, munthu wakhungu wa m'buku la Treasure Island: usiku, ndodo patsogolo, akufufuza njira ali yekhayekha. Ngakhale mavalidwe a achifwamba a panyanja omwe timawaona m'mafilimu, mpango kumutu, ndolo kukhutu ndi nsalu m'chiuno, gawo lalikulu linachokera m'zithunzi za Pyle.

Nkhani ya maina ndiye yokoma. Dzina loti Brandywine linafala eni ake atagwira kale ntchito yawo, makamaka kudzera m'buku la Henry Pitz la kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Ophunzira atatu aakazi, Jessie Willcox Smith, Elizabeth Shippen Green ndi Violet Oakley, Pyle ankawatcha Red Rose Girls chifukwa ankachita lendi limodzi nyumba yotchedwa Red Rose Inn ku Villanova. Atasamuka, nyumba yatsopanoyo anaitcha Cogslea, polumikiza zilembo zoyambirira za maina awo ndi la mnzawo Henrietta Cozens, yemwe ankasamalira pakhomopo iwo ali kalikiliki kujambula.

Ena amati gululi linathandiza kuti zithunzi za m'mabuku ziyambe kulemekezedwa ngati luso lenileni. Ntchito zawo zambiri zikusungidwa ku Delaware Art Museum ndi ku Brandywine Museum of Art, yomwe inatsegulidwa mu 1971 m'nyumba yakale ya chigayo ku Chadds Ford.