Ekizozi yaphokoso pa njinga yamoto: zimene imachita ku injini

Ekizozi, imene ena kuno amati escape, ndi paipi yotulutsa utsi mu injini. Achinyamata ena m'boma la Chifunde amachotsa yobwera ndi njinga n'kuika yotseguka, pofuna phokoso.

Paipi yotseguka imatulutsa utsi mwachangu, koma kabureta imapitiriza kupereka petulo monga kale. Mpweya ukachuluka kuposa petulo, injini imatentha kwambiri ndipo mavalavu amatha kupsa. Pa njinga za 125cc kapena 150cc liwiro silionjezeka kwenikweni. Chimene chimachepa ndi mphamvu yokwerera chitunda, yomwe mlimi wopita ku Cassacatiza ndi matumba a chimanga amaidalira.

Mukasintha paipi, makaniko achune kabureta, mwinanso aike jeti yokulirapo. Pakapita masiku angapo masulani pulagi muione: ikakhala yofiirira zili bwino, ikayera mbuu ndiye kuti petulo akuchepa.