Mzinda wa Njuga ndi Ana Athu

Pa msonkhano wathu wa acinyamata tsiku lina Loweruka, mlongo wina anabweretsa nkhani imene inatigawa pawiri. Amalume ake amene agwira nchito ku migodi ya ku Rustenburg, ku South Africa, anatuma mau akuti pa chuthi ca Khrisimasi afuna kutenga ana awiri a m'nyumba mwao, mtsikana wa zaka 9 ndi mnyamata wa zaka 12, kuti akaone Sun City. Amai ake anadodoma, pakuti anamvapo kuti kumeneko ndi kwa njuga.

Ena mwa ife anati, "Alekeni ana akaone dziko. Kodi mwana wa ku Lundazi azingodziwa Castle ndi damu cabe?" Ena anati, "Iai, kumeneko ndi ku Sodomu." Tinatsutsana kufikira dzuwa litapendeka, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa m'mene malo otere anayambira. Ndinalonjeza kukafufuza mbiri yake, ndipo nazi zimene ndinapeza.

Mzinda wa m'cipululu

Kuti timvetse za Sun City tiyenera kuyambira ku America, cifukwa amene anaimanga anatengera nzeru ku mzinda wa Las Vegas, m'cigawo ca Nevada. Mzindawu unayamba mu 1905 ngati kasiteshoni ka njanji m'cipululu. Mu 1931 boma la Nevada linaloleza njuga pofuna ndalama, pakuti inali nthawi ya umphawi waukulu m'dzikomo. Caka comweco kunayamba nchito yomanga damu lalikulu lochedwa Hoover Dam pa mtsinje wa Colorado, ndipo amuna zikwizikwi anakhamukira kumeneko.

Apa pali cinthu coyenera kucizindikira. Boma la America silinafune kuti anchitowo ndi mabanja ao akhale mu Las Vegas. Linawamangira tauni yao-yao yochedwa Boulder City, m'mene njuga ndi mowa zinaletsedwa. Kufikira lero njuga ndi yoletsedwa mu Boulder City. Motero kuyambira paciyambi peni-peni anthu anasiyanitsa malo olererako ana ndi malo okatayako malipiro.

Las Vegas anakula ndi ndalama za anthu oopsa. Hotela ya Flamingo inatsegulidwa mu Disembala 1946 ndi cigawenga cochuka, Bugsy Siegel, amene anawomberedwa ndi mfuti caka cotsatira. Kwa zaka zambiri mzindawu unadziwika ndi zinthu zitatu: njuga, mowa ndi akazi ovina osavala mokwanira. Palibe amene anali kunena kuti ndi malo a ana.

Pamene anaitana ana

Zinthu zinasintha pamene madera ena a America nawonso analoleza njuga. Eni mahotela a ku Las Vegas anaona kuti makasitomala angacepe. Anazindikiranso kuti bambo wa ana sangapite kutali pa chuthi ndi kusiya banja lake. Nzeru yao inali yakuti, tikakopa mwana, atate ndi amai adzabwera okha.

Mu 1990 anatsegula hotela ya Excalibur, yomangidwa ngati linga la mafumu akale a ku Ulaya. Taganizirani Castle Hotel yathu ija anamanga bwana DC Errol Button kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, koma ikhale ndi zipinda zoposa 4,000. Mu 1993 anatsegulanso zina zitatu: Luxor, yooneka ngati manda a mafumu a ku Igupto, Treasure Island, kumene kunja kwake kunali sewero laulere la zombo zomenyana, ndi MGM Grand, imene inali ndi bwalo lalikulu la maseŵera a ana.

Mabanja anabweradi. Koma lamulo la Nevada silola munthu wosafika zaka 21 kuchova njuga kapena kuima-ima pafupi ndi makina ake. Nanga makolo akakhala pa makina, ana akhale kuti? Ambiri anali kusiyidwa okha m'makonde ndi m'zipinda za maseŵera kufikira usiku. Mu Meyi 1997, pa kasino ina ya ku Primm, kumalire a Nevada ndi California, mtsikana wa zaka 7 anaphedwa m'cimbudzi ndi mnyamata wacilendo m'bandakuca, atate ake ali kuchova njuga. Nkhaniyi inagwedeza dziko lonse la America.

Eni mahotela anaonanso kuti munthu woyenda ndi ana sataya ndalama zambiri pa njuga. Bwalo la ana la MGM Grand linatsekedwa mu 2000. Mu 2003 Treasure Island inacotsa sewero lija la zombo ndi kuikapo lina la akazi ovala mosadzilemekeza. Caka comweco mzindawu unayamba kudzilengeza ndi mau otanthauza kuti zimene wacita kumeneko zimatsala komweko. Anzanga, ana anaitanidwa pamene anali ndi phindu, ndipo anaiwalika pamene phindulo linacepa.

Msewu ulibe citseko

Wina angati, "Ine mwana wanga sindidzamulowetsa m'kasino." Koma vuto la Las Vegas liri pa msewu. Pa msewu wake waukulu wochedwa Strip pamaima anthu ogawira odutsa timakhadi ta zithunzi za akazi pamodzi ndi manambala a foni. Timakhadito timagwera pansi mbwee, ndipo mwana, pokhala wamfupi, ndiye ayamba kutiona. Pamadutsanso malole onyamula zikwangwani zazikulu za malonda omwewo. Zonsezi zicitika ngakhale kuti uhule ndi woletsedwa mu mzindawo.

Mu 1997 akuluakulu a deralo anayesa kuletsa kugawira timakhadito, koma makhoti anakana, nati lamulolo liphwanya ufulu wa kulankhula. M'kasino muli alonda ofunsa zaka. Pa msewu palibe.

Sun City, pafupi ndi kwathu

Tsopano tibwere kuno ku Africa. Boma la tsankho la South Africa linali kudzicha lacikhristu. Lamulo lake la 1965 linaletsa njuga yonse kupatula kubecha pa mpikisano wa akavalo, ndipo mafilimu ndi magule olaula zinali zoletsedwanso. Koma boma lomwelo linadula tizigawo ta dziko ndi kunena kuti ndi maiko a anthu akuda odzilamulira okha. Cimodzi mwa izo cinali Bophuthatswana, cimene cinapatsidwa ufulu wabodzawo mu 1977 pansi pa Lucas Mangope. Palibe dziko lina limene linacivomereza.

Munthu wamalonda dzina lake Sol Kerzner anaona mpata. Pa 7 Disembala 1979 anatsegula Sun City m'cigawoco, ulendo wa maola awiri pa motoka kucokera ku Johannesburg. Zimene zinali chimo ku Johannesburg zinali zololedwa kumeneko: njuga, akazi ovina mabere ali pamtunda, ndi mafilimu oletsedwa. Azungu anali kupita Lacisanu ndi kubwerera Lamulungu. Anasunga misewu yao yoyera mwa kukataya zonyansa pakhomo pa anthu osauka. Oimba ambiri a kunja anakana kukaimbako, ndipo mu 1985 gulu la oimba linatulutsa nyimbo yotsutsa malowa.

Tsankho litayamba kugwa, Kerzner anacita zomwe anacita anzake a ku Las Vegas. Mu 1992 anatsegula Lost City, ndi dziwe lalikulu la mafunde opangidwa ndi makina ndiponso mcenga wonga wa kunyanja, lochedwa Valley of Waves. Mu 1994 Bophuthatswana anabwerera mu South Africa, ndipo lamulo la 1996 linalola makasino okwana 40 m'dziko lonse. Anthu a ku Johannesburg sanafunikirenso kuyenda ulendo wautali, cotero Sun City inalimbikira kukopa mabanja, osewera gofu ndi misonkhano.

Tinene zoona: Sun City ya lero si ija ya 1979, ndipo siifanana ndi msewu wa Las Vegas. Ndi malo ocingidwa ndi mpanda, ndipo pafupi pake pali nkhalango ya nyama ya Pilanesberg. Mabanja ambiri amapita, ana nasambira, nabwerako bwino. Amene anati ndi Sodomu anawonjeza. Koma amene anati ndi malo osewerera cabe nawonso sanaone zonse.

Ndani analipira dziwe?

Njuga ya m'kasino si mwai wokha, ndi masamu. Tengani gudumu lija lozungulira lochedwa roulette. La ku America liri ndi timabowo 38. Ukasankha nambala imodzi ndi kupata, akupatsa ndalama yako kuwirikiza ka 35, osati ka 37 monga cilungamo cikadafunira. Kusiyana kumeneku kutanthauza kuti pa K100 iliyonse yoikidwa, mwini nyumba atsala ndi K5 ndi kakusefukira. Munthu mmodzi angapate lero, koma anthu onse akaphatikizidwa, nyumba siiluza.

Ndiye magetsi aja, akasupe aja ndi dziwe lija anamanga ndi ndalama za amene analuza. Cikome-kome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mwana wosambira m'dziwe saona nyererezo. Cimene aona ndi cakuti malo okongola koposa onse amene anafikako m'moyo wake ndi malo a njuga, ndi kuti akulu amene awalemekeza amalowa m'cipinda cina cowala cimene iye aletsedwa kufikira atakula. Phunziro limeneli silifuna mphunzitsi. Kumbukirani kuti Loti posankha cigwa ca Yordano anayang'ana madzi ndi msipu, osafunsa za anthu amene ana ake adzakulira pakati pao.

Mzindawo wafika kwathu

Agogo athu a kuno ku Lundazi anaidziwa njuga. Popita ku migodi ya ku Kopala, ku Wankie, ku Salisbury, ena mpaka ku Joni, anaona amuna akutaya malipiro a mwezi wonse pa makhadi m'makomboni. Ena mwa machona amene sanabwerere anamangidwa ndi manyazi a kubwera cimanjamanja. Koma nthawi imeneyo njuga inali kutali. Kuti uipeze unayenera kuyenda masiku ambiri, ndipo ana anali kutsala kumudzi.

Pa 29 Disembala 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lacikhristu. M'zaka zomwezo malonda anamasulidwa, ndipo njuga nayo inapeza khomo. Pa 1 Januwale 2013 ndalama yathu inasinthidwa, makobili nabwerera m'matumba. M'zaka zotsatira makina a bonanza, omeza ma K1 acitsulo, anafalikira m'mabala ndi m'tuntemba kufikira kumidzi. Pambuyo pake panabwera masitolo a kubecha pa mpira, ndipo tsopano njuga iri m'foni, pamodzi ndi kandeke kaja kamene kamauluka ndi ndalama za anthu.

Lamulo likuti wosafika zaka 18 asachove. Koma ine ndi maso anga ndaona mwana wa yunifomu ataima pa bonanza ndi ndalama ya kucigayo, thumba la cimanga ali nalo pambali. Ndaona anyamata atagulitsa soya ndi thonje, ndalama ya caka conse nithera pa foni mwezi usanathe. Pitani ku Chipata kapena ku Lusaka muwerenge zikwangwani za kubecha m'mbali mwa msewu. Tsegulani wailesi nthawi ya mpira. Foni yomweyo imene mwana abwereka kuti aonere mpira imamuonetsanso zithunzi zimene ku Las Vegas amagawira pa timakhadi.

Tsono tinali kutsutsana za ulendo wa masiku atatu ku Sun City, pamene ana omwewo apita pa bonanza tsiku ndi tsiku pocokera kusukulu.

Yankho langa kwa mlongo uja

Loweruka lotsatira ndinamuuza kuti mbiri ya mizinda iwiriyi itionetsa cinthu cimodzi: malo a njuga samangidwira ana, ndipo akaitana ana amakhala akufuna thumba la kholo. Mzinda wonga Las Vegas, kumene zolaula zikupeza pa msewu usanazifune, sindingapitseko mwana wa kwathu. Za Sun City ndinati amai ake akambe ndi alongo ao momasuka. Kodi amalume adzakhala ndi ana nthawi yonse, kapena adzawasiya kudziwe iwo nalowa m'kasino? Ngati colinga ndi cakuti ana aone zodabwitsa, angawatengere ku Pilanesberg. Ngakhale kuno kwathu, ndi ana angati a ku Lundazi amene anaonapo njobvu za ku Luambe kapena mathithi a Mosi-oa-Tunya? Ndipo ngati apitabe, wamkulu awauze zoona za kumene kunacokera ndalama zomangira malowo.

Banjalo lidzasankha lokha. Koma ife acinyamata a mu mpingo tiri ndi nchito pano pomwe. Ang'ono athu amayang'ana ife koposa abusa. Ngati mkulu wao wa kwaya atulutsa foni pambuyo pa mapemphero ndi kuyamba kuonetsa anzake tikiti ya kubecha, ulaliki wa tsikulo wathera pomwepo. Tiyambe ndi matumba athu. Kenaka tilankhule mwaulemu ndi eni tuntemba amene alola ana pa makina, ndipo akakana tikauze anduna a mfumu kapena a khonsolo. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Boma la America mu 1931 linadziwa kumanga mpanda pakati pa njuga ndi mabanja a anchito ake. Kodi ife, amene tidzicha dziko lacikhristu, tilephere kucita cimodzimodzi pa msika wa kwathu?

Mafunso okambirana m'gulu lanu

1. Kucokera kunyumba kwanu kufika kusukulu yapafupi, mwana apita pa malo angati a njuga kapena zikwangwani zake? Kawerengeni sabata ino.

2. Kodi pali kusiyana pakati pa kubecha K5 pa mpira ndi kuchova njuga m'kasino? Fotokozani.

3. Mnzanu wa m'gulu waluza ndalama ya feteleza ya makolo ake ndipo aopa kubwerera kunyumba. Mudzamuthandiza bwanji?